Chipolopolo choletsedwa pa nkhondo, chololedwa pa mbawala

Mu 1899 mayiko anakumana ku The Hague n'kugwirizana kuti pa nkhondo pasamaomberedwe zipolopolo zofutukuka zikalowa m'thupi la munthu. Anthu ankazitcha dum-dum, dzina la malo ena pafupi ndi Calcutta ku India kumene asilikali a Britain ankazipangira. Bala lake linali loopsa. America sinasainire nawo panganolo. Chaka chomwecho ku Missouri kunabadwa mwana dzina lake Elmer Keith, yemwe moyo wake wonse anadzathera pa funso limodzi: kodi chipolopolo chotuluka mu mfuti ya m'manja chikhale chotani kuti nyama igwe msanga?

Nyama yake ndi iyi Achimerika amati deer, ife tingoti mbawala ngakhale si mtundu umodzi ndi yathu. Cha m'ma 1900 mbawala za mchira woyera zinatsala pang'ono kutheratu chifukwa cha alenje ogulitsa nyama ndi zikopa. Zinatsala pafupifupi 500,000 m'dziko lonselo, pamene lero zikuyerekezedwa kuti zilipo 30 miliyoni. China chomwe chinathandiza ndi lamulo la Pittman-Robertson la 1937, loti msonkho wa mfuti ndi zipolopolo uzipita kosamalira nyama zakutchire. Mfuti za m'manja anadzaziphatikizamo mu 1970. Eti ndalama ya chipolopolo n'kumaweta nyama yomwe chipolopolocho chidzaphe.

Vuto la mfuti ya m'manja ndi liwiro. Chipolopolo cha mfuti yaitali ngati .30-06 chimathamanga mamita oposa 800 pa sekondi, pamene cha volovolo yamphamvu chimangofika theka la pamenepo. Keith, yemwe anali woweta ng'ombe n'kudzakhazikika ku Salmon, Idaho, ankadzipangira yekha zipolopolo n'kumawonjezera onga mpaka mfuti ina inamuphulikira m'manja. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 anapanga chipolopolo cha mtovu wolimba, cholemera magalamu 16, cha mphuno yaphwatalala m'malo mosongoka. Maganizo ake anali akuti popeza liwiro n'lochepa, chipolopolo chisataye mphamvu n'kufutukuka. Chidule bowo lalikulu, chiswe fupa, chitulukire mbali inayo, magazi azidontha kuti mlenje athe kulondola.

Mu 1935 kampani ya Smith & Wesson inatulutsa .357 Magnum, ndipo Douglas Wesson anapita nayo kutchire kukapha nyama zikuluzikulu pofuna kuitsatsa. Keith sizinamukwane. Anakakamira makampani mpaka Remington ndi Smith & Wesson anatulutsa .44 Magnum chapakati pa zaka za m'ma 1950. Ambirife timaidziwa chifukwa cha filimu ya Clint Eastwood ya 1971, Dirty Harry, koma inapangidwira kutchire, osati m'misewu ya San Francisco. Keith analembanso kuti anapha nayo mbawala yovulala kale ili pa mtunda wa mayadi 600, kuposa theka la kilomita. Anthu akutsutsanabe mpaka lero. Ine, kaya zinachitikadi kaya ayi, ndimaona kuti nkhaniyi inaphunzitsa alenje khalidwe loipa. Odziwa bwino amati ndi .357 usapitirire mamita 50 kapena kuyandikira pamenepo.

Apa ndiye pamene dum-dum uja akubwereranso. Makampani atayamba kupanga zipolopolo za bowo kumphuno zokutidwa ndi mkuwa, alenje anagawikana. Ena amati chofutukuka ndiye chabwino pa mbawala chifukwa thupi lake n'laling'ono, chimang'amba mapapo nyama n'kugwa pafupi. A mbali ya Keith amati chikafutukuka msanga paphewa chimaima osafika pamtima. Koma onse amagwirizana pa chinthu chimodzi: chipolopolo cha asilikali, chokutidwa chonse ndi chitsulo, si chosakira. Chimangoboola kabowo ngati singano, mbawala n'kuthawa, kukafera patali patapita maola kapena masiku. N'chifukwa chake zigawo zambiri za America zimachiletsa posaka mbawala.

Tangoganizani. Chomwe mayiko anati n'chankhanza pa munthu, lamulo la alenje limati n'chachifundo pa nyama. Zonse ziwiri zili ndi nzeru yake: msilikali akavulala amasiya kumenya nkhondo ndipo pali dokotala womuyembekezera, pamene mbawala yovulala ilibe kopita. Komabe zimandivuta kuwerenga mawu oti chifundo pa bokosi la zipolopolo osagwedeza mutu.

Mkanganowu unadzalowanso wina wosayembekezeka, muimba wamkulu wotchedwa California condor. Mlenje akatumbula mbawala n'kusiya matumbo kutchire, tizidutswa ta mtovu timatsalira mmenemo, miimba n'kudya, n'kufa ndi poizoni. Pofika 1987 inatsala 27 yokha, ndipo yonse anaigwira kuti akaiswetse m'malo otetezedwa. California inaletsa zipolopolo za mtovu m'dera la miimbayi mu 2008, kenako pa 1 July 2019 inaziletsa pa ulenje wonse m'chigawo chonse. Mlenje wa kumeneko tsopano amagula za mkuwa wokhawokha. N'zopepukirapo, n'zodula, ndipo pa liwiro lochepa la volovolo ayenera kuyamba waziyesa kuti aone ngati zikufutukukadi. Keith anamwalira mu 1984, izi zisanafike.