Dothi limene agogo anandituma ku Yerusalemu

Nditawauza agogo anga kuti ndapeza mwayi wopita ku Yerusalemu, anandipempha chinthu chimodzi chokha: "Mdzukulu wanga, ukanditapireko kadothi pamene anaponda Ambuye." Ndinavomera msangamsanga, osadziwa kuti pempholi lidzandisautsa kuposa mayeso onse a mbiri yakale amene ndalembapo.

Tinalowa mumzinda wakale m'mamawa kudzera pachipata cha Jaffa. Mpanda wamiyala umene ndinkauyesa wa nthawi ya Davide anaumangitsa ndi Suleiman, mfumu ya ufumu wa Ottoman, pakati pa 1537 ndi 1541. Mzinda umene Yesu ankaudziwa Aroma anaugumula m'chaka cha 70, ndipo pambuyo pake mfumu Hadrian anamangapo wina n'kuutcha Aelia Capitolina. Misewu yambiri ya lero ili pamwamba pa mabwinja a mibadwo ingapo. Dothi la agogo lija linakwiririka pansi penipeni.

Kuchokera apo tinatsikira ku Khoma la Kumadzulo, kumene Ayuda amapemphera n'kumalowetsa timapepala m'ming'alu. Miyala ikuluikulu ya m'munsi mwake ndi ya nthawi ya Herode, koma khomali linkachirikiza bwalo la Kachisi, silinali la Kachisi weniweniyo. Pabwalo lomwelo, pamwamba, pali Al-Aqsa ndi Dome of the Rock, imene Abd al-Malik anamangitsa cha m'ma 691. Phiri ndi limodzi, koma kunsi akupemphera ena, kumtunda ena, ndipo pazipata pali apolisi onyamula mfuti.

Masana tinatsata Via Dolorosa, njira imene Akhristu amayendamo atasenza mitanda. Nayonso inakhazikika patapita zaka zoposa chikwi Yesu atapachikidwa. Akatswiri ambiri amati Pilato anaweruzira mlanduwo kunyumba yachifumu ya Herode, pafupi ndi chipata chomwe tinalowera chija, mbali ina ya mzinda.

Njirayi imathera ku Tchalitchi cha Manda Oyera. Choyamba anachimangitsa ndi Constantine ndipo chinapatulidwa mu 335. Al-Hakim anachiphwasula mu 1009, ndipo chambiri chimene tikuona lero ndi cha ankhondo a mtanda, cha mu 1149. Mipingo 6 imagawana nyumbayi: Agiriki, Akatolika, Aarmeniya, Akoputiki, Asiriya ndi Aitiyopiya, amene amonke awo amakhala m'tinyumba ta padenga. Lamulo la Ottoman la mu 1852 linatsimikiza kuti zonse zikhale mmene zinalili. N'chifukwa chake pansi pa windo lina pamwamba pa khomo pali makwerero amatabwa amene akhala pomwepo zaka zoposa 200, poti mpingo umodzi sungasunthe kanthu pamalo a onse popanda ena kuvomera. Kiyi wa chitseko amasunga ndi banja lachisilamu la Joudeh, ndipo amene amatsegula ndi banja lina lachisilamu la Nuseibeh.

Poyamba ndinaseka. Kenako ndinaganiza za milandu ya malo ndi ya ufumu kwathu, mmene abale a bere limodzi amalekera kulonjerana chifukwa cha malire a munda. Makwerero aja ndi umboni wa kusakhulupirirana, inde, koma chitseko chimatsegulidwabe m'mawa uliwonse.

Madzulo ndinatapa kafumbi pabwalo la tchalitchicho n'kukamanga pakansalu. Nditafika kumudzi ndinalimbana ndi mtima: ndiwanamize kapena ndiwakhumudwitse? Ife ophunzira timakonda kuchita chimodzi mwa ziwirizi, kubisira akuluakulu zimene taphunzira kapena kuwanyoza nazo. Ndinasankha kuwafotokozera zonse, za Hadrian, za Suleiman, za kiyi uja. Ndinawauza kuti fumbili ndi la mapazi a anthu amene akhala akubwera kudzafuna chomwe iwo akufuna.

Agogo anakhala chete kanthawi, akusisita kansalu kaja. Kenako anafunsa kuti, "Ndiye Asilamuwo amadzuka nthawi yanji kukawatsegulira anzawo?"