Mpamba

Mpamba ndi ndalama kapena katundu amene munthu amayambira geni. Achinyamata ambiri akamva mawuwa amaganiza za ndalama za pa foni za TNM, koma kampaniyo inangobwereka dzina lomwe amalonda akhala akulitchula kuyambira kale.

Pa Linthipe, m'mbali mwa msewu wa M1, mayi wogulitsa mbatata ya kachewere amapikula thumba kwa mlimi, n'kulipira wakabaza, kugula majumbo ndi kudula tikiti ya msika. Zonsezo ndi mpamba. Madzulo akamasula nsonga ya chitenje, ndalama zambiri zili pamenepo si zoti adye ayi; phindu ndi kotsalako akachotsa zonse analowetsa. Vuto limagona pamenepa. Ya ndiwo, ya kuchigayo, ya chipepeso pamaliro, zikamatuluka pansonga yomweyo osalembedwa, timati munthu wadya mpamba, ndipo geni imagwa mwini wake asakudziwa. N'chifukwa chake kope lolembamo zolowa ndi zotuluka, ngakhale la mwana wa sukulu, ine ndimalitenga ngati chida choyamba cha wamalonda.

Mpamba umathanso popanda woudya. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama yomwe ija sinakwanenso kupikula katundu wochuluka ngati kale.