Mai Amene Anajambula Alimi Osauka a ku America

Lero tikambe za mai wina wa ku America, dzina lace Dorothea Lange, amene nchito yace inali kujambula zithunzi za anthu.

Anabadwa m'caka ca 1895 ku Hoboken. Ali ndi zaka 7 anadwala polio, ndipo anayenda motsimphina moyo wace wonse. Atakula anatsegula nyumba yojambuliramo ku San Francisco, kumene acuma ankabwera atabvala bwino. Koma nchito zitasowa m'dziko monse, iye ankaona pa zenera amuna alikungoyendayenda; tsono m'caka ca 1933 anatenga kamera yace natsikira kumseu.

Zaka zomwezo kunagwa cirala m'zigwa za pakati pa dzikolo. Alimi anali atagaula udzu umene unkagwira nthaka, ndipo mphepo inaulutsa dothi lonse lacode. Ife a malimidwe nkhani imeneyi sitiimva mopepuka. Mabanja ambirimbiri anasiya minda yao kunka ku California kukafuna ganyu, ndipo m'caka ca 1935 Boma linalemba Mai Lange kuti akawajambule.

Sanali wothamangira kujambula ai. Ankayamba waceza nao, kufunsa kumene acokera ndi malipiro ao, nalemba mau ao enieni kuti akhale pansi pa cithunzi. Mwini wace ankati kutsimphina kuja kunamthandiza, pakuti obvutika sanamuone ngati bwana.

M'mwezi wa March 1936 anaima pa msasa wa ochola nsawawa ku Nipomo, mbeu zitapsa ndi cisanu. Pamenepo anajambula mai wa zaka 32, dzanja liri kucibwano, khanda pamiyendo, ana awiri atabisa nkhope pa mapewa ace. Zithunzizo zitaturuka m'nyuzipepala, Boma linatumiza cakudya colemera mapaundi 20,000. Koma maiyo anali atacoka kale. Ndipo tsiku limenelo Mai Lange, katswiri wa kufunsa uja, sanafunse dzina lace. Ine ndiyesa apa analakwa. Dzinalo linadziwika m'caka ca 1978: anali Florence Owens Thompson, amene anadandaula kuti pa cithunzi cochuka cotero sanalandire ngakhale kobiri.

M'caka ca 1942 anajambulanso anthu a mtundu wa Japan pamene Boma linawatsekera m'misasa. Akuru a nkhondo sanakondwe nazo zithunzizo, nazibisa kufikira nkhondo itatha. Mai Lange anamwalira m'caka ca 1965.