Kutsitsa pH ya Madzi m'Thanki Yowetera Nsomba

pH ndi muyeso wosonyeza kuchuluka kwa asidi m'madzi. Muyesowu, umene Søren Sørensen wa ku Denmark anauyambitsa mu 1909, umachokera pa 0 kufika pa 14, ndipo pakati ndi 7. Madzi akatsika kuchoka pa 7 kufika pa 6, asidi amakhala atachuluka kakhumi. Choncho kusintha kooneka kochepa pa kachipangizo koyezera kumakhala kwakukulu pathupi la nsomba.

Nsomba zofuna madzi a asidi zimachokera m'mitsinje ya m'nkhalango. Mtsinje wa Rio Negro ku Brazil uli ndi madzi akuda ngati tiyi wopanda mkaka chifukwa cha masamba owola, ndipo pH yake nthawi zambiri siposa 5. Kumeneko n'kwawo kwa cardinal tetra ndi mtundu wina wa discus. Chocolate gourami imakhala m'madambo a ku Borneo ndi Sumatra. Mbuna za m'Nyanja ya Malawi sizili m'gululi: madzi akwawo ali pakati pa 7.7 ndi 8.6, ndipo kuzitsitsira pH n'kuzizunza.

Pofuna kutsitsa pH, oweta ambiri amathamangira masamba, koma nkhani yagona pa mchere wa kaboneti wosungunuka m'madzi, umene amauyeza ndi muyeso wa KH. Mcherewu umameza asidi aliyense wolowa. KH ikakhala yokwera, monga zimakhalira kawirikawiri ndi madzi a pamjigo, munthu akhoza kudzaza thanki ndi masamba mpaka madzi kuda bii, pH osasuntha. Choyamba ndi kuchotsa zinthu zowonjezera kaboneti: miyala ya laimu, zigoba za nkhono ndi mchenga wa korali. Mwala wokayikitsa amaudonthezera viniga. Ukachita thovu, suyenera kulowa m'thanki. Kenako madzi amasakanizidwa ndi ena opanda mchere, osefedwa ndi makina a reverse osmosis kapena amvula. Amvulawo asakhale otsika padenga la malata, chifukwa amatenga zinki, yemwe ndi poizoni kwa nsomba.

KH ikatsika m'pamene zinthu zochokera ku zomera zimagwira ntchito. Masamba ouma a mtengo wa Terminalia catappa, zipatso zouma za alder ndi dothi la peat loikidwa m'sefa zimatulutsa tanini ndi maasidi ena pang'onopang'ono. Peat ndiye wamphamvu, ngakhale kuti kumukumba kumawononga madambo amene amatenga zaka masauzande kuti apangike. Zipika za tsanya, mtengo wodziwika ku Liwonde ndi m'chigwa cha Luangwa, zimagulitsidwa m'masitolo a nsomba ku Ulaya ndi dzina la mopani. N'zolemera moti zimamira zokha, koma zimadetsa madzi kuposa mmene zimatsitsira pH.

Kupyola muyeso kuli ndi ngozi yake. KH ikafika pafupi ndi 0, palibenso chotchinga asidi, ndipo pH ikhoza kugwa usiku umodzi. Pansi pa 6, mabakiteriya a m'sefa amene amadya amoniya amafooka. Amoniyayo amaunjikana ali wosapweteka kwenikweni, koma mwini thanki akathira madzi atsopano a pH yokwera, amoniyayo amasanduka wakupha. N'chifukwa chake oweta odziwa amakonzera madzi atsopano mu ndowa, kuwayeza, n'kusintha ochepa nthawi imodzi. Discus zobadwira m'thanki zimakhala bwino ngakhale pa 7. Madzi a asidi amafunika makamaka kwa nsomba zogwidwa kumtsinje ndiponso pofuna kuti mazira aswe.