Boma ndi Mbiri ya Ndege za Malaŵi

Dziko lokhala kutali ndi nyanja yamchere limadalira ndege kuti anthu, makalata ndi katundu zifike msanga kumaiko akutali. Koma ndege ndi zodula kwambiri, nchifukwa chake ntchito imeneyi yakhala ikutsamira pa boma kuyambira pachiyambi.

M'chaka cha 1946, maboma a Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland anasonkherana ndalama nakhazikitsa kampani ya Central African Airways. Air Malaŵi inabadwa m'chaka cha 1964 ngati nthambi ya kampaniyo, ndipo mu 1967 inaima payokha m'manja mwa Boma la Malaŵi. Pofika 1974, ndege yake ya VC10 inayamba maulendo ochokera ku Chileka kupita ku London.

Likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, Boma linamanga bwalo lalikulu la ndege ku Lumbadzi, limene linatsegulidwa mu 1983.

Komabe ngongole zinaipsinja Air Malaŵi kufikira inatsekedwa mu 2013. Posafuna kuti dziko likhale lopanda ndege zakezake, Boma linagwirizana ndi Ethiopian Airlines kukhazikitsa kampani yatsopano, ilo litatenga magawo 51 mwa 100. Ndege zake zinayamba kuuluka mu 2014.