Chingerezi cha madzulo ku Mbare

Agogo anga atafika ku Salisbury kukagwira ntchito, ankalankhula ndi azungu m'Chilapalapa, chilankhulo chongolandirira malamulo. Chingerezi chozama anachipeza akaweruka, pa sukulu ya madzulo m'komboni ya Harare, yomwe lero timati Mbare. Inali nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, 1953 mpaka 1963, anthu akwathu a ku Nyasaland atadzaza ku Mbare, Highfield ndi Mabvuku.

Sikunali kudzitama ayi. Wodziwa kulemba kalata yomveka ankatha kusiya kuphikira bwana n'kukhala kalaliki. Nyuzipepala ya African Daily News, yomwe boma linaitseka mu 1964, ankabwerekana mpaka kuthetheka. Agogo ankakopera mawu ovuta m'kope la zikuto zothimbirira, tanthauzo n'kulemba pambali m'Chinyanja ndi pensulo. Ndimanyadira kuti mnzawo wa ku Nyasaland, Dunduzu Chisiza, anatenga Chingerezi chomwecho n'kutsutsa nacho atsamunda: anathandiza kuyambitsa bungwe la City Youth League mu 1955, ndipo mu 1956 boma linamuthamangitsa m'dziko la Southern Rhodesia.

Ife adzukulu a m'komboni ya Mufakose tinakulira pa Students' Companion, buku limodzi nyumba zingapo, kuloweza mawu ofanana matanthauzo, amayi akutifunsa uku akutakasa nsima.