Mboni zitatu kapena imodzi? Za magwero a mbiri ya ufumu wa Undi

Ophunzira athu akamalemba za ufumu wa Undi, kawirikawiri amachula magwero atatu: buku la Samuel Ntara la Mbiri ya Achewa, zolemba za Harry Langworthy, ndi mkulu wina amene anaceza naye ku Mkaika, m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba. Atatuwa akagwirizana, wophunzira amati nkhani yatsimikizika. Ife timayamba tafunsa ngati mbonizi zilidi zitatu.

Buku la Ntara linatuluka m'zaka za m'ma 1940 ndipo linawerengedwa kwambiri m'masukulu. Langworthy, amene anatsiriza kafukufuku wake wa ufumu wa Undi mu 1969, analidziwa bwino bukuli. Ndiyenso anaikamo ndemanga pamene linamasuliridwa m'Cingerezi mu 1973. Nanga mkulu wa ku Mkaika uja? Ngati anapitako ku sukulu, mwina akutibwezera za m'buku lomweli, poganiza kuti anazimva kwa agogo ake. Sakunama ayi. David Henige anaonetsa mu 1974 kuti zolembedwa zimabwerera m'kamwa mwa anthu n'kusanduka mwambo. Zikatere, mboni ndi imodzi, yangomveka katatu.

Ndico cifukwa cake timalemekeza Antonio Gamitto, amene anadutsa m'dziko la Acewa mu 1831 pa ulendo wocokera ku Tete kupita kwa Kazembe. Anali msilikali wa Cipwitikizi, womva zambiri kudzera mwa omasulira, ndipo maina ena anawapotoza. Komabe sanawerenge Ntara, ndipo pamene afanana ndi zonena za akuluakulu, kufananako kuli ndi mphamvu. Max Marwick naye, m'nkhani yake ya 1963 m'magazini ya Journal of African History, anayerekeza mbiri yapakamwa ya Acewa a kuno ndi zolemba zakale.

Tisaiwalenso kuti Undi anasamukira ku Northern Rhodesia kucokera ku Mozambique m'zaka za m'ma 1930, ndipo boma la atsamunda linamuika pamwamba pa mafumu ena a Acewa. Mbiri iliyonse yosimbidwa pambuyo pake inasimbidwa ndi anthu odziwa kuti maudindo ndi malire zili pa mlandu. Conco wofufuza akamajambula mau kwa Kawaza kapena kwa Pembamoyo ku Vubwi, alembe dzina la mudzi, mfunda wa wosimbayo, ndi sukulu imene anaphunzirako. Dzina la boma lokha silikwanira: Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha mu 2012, ndipo m'mabuku akale simudzawapeza ngati maboma.